Tsiku Limene a Chimphonda Anabzalidwa

Tulo tinawathawa a Lameki Chimphonda mwezi wa Juni utangolowa, ndipo chimene chinathamangitsa tuloto sichinali matenda kapena maliro. Unali mtengo. Kamtengo kowalekeza m'chifuwa, kamene kanaima pakati pa bwalo la nyumba yawo ku Bembeke kakuthothoka masamba ngati nkhuku imene akuisosola pang'onopang'ono.

Mtengowo anabwera nawo ndi mwana wawo wamkazi, Yankho, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Canada. Pa Khirisimasi atabwera kudzaona makolo, anaugula ku nazale ina ku Lilongwe n'kuusunga pamiyendo ulendo wonse.

"Dzina lake ndi mepulo, ababa," anatero pouika pakhonde. "Tsamba lake ndi lija lili pa mbendera ya kumene ndikukhalako. Umakonda kozizira, ndiye kuno ukhoza kugwira. Muusamale. Tikadzabweranso tidzakhale pamthunzi pake, ife ndi mlendo."

A Chimphonda ankayesa akunena mlendo wamba. Anawamasulira ndi akazi awo, Nagama, Yankho atanyamuka: mwanayo anali woyembekezera, ndipo nthawi yake inali ya m'miyezi yozizira. Kuyambira tsiku limenelo, m'mutu mwa a Chimphonda mtengo ndi mdzukulu zinasanduka chinthu chimodzi. Sanauze munthu aliyense, koma zinali choncho.

Tsono a Chimphonda sanali mlimi. Moyo wawo wonse anayendetsa mabasi, ndipo zinthu zonse za pansi pano ankazimva ngati galimoto. Kumunda kunkapita Nagama. Koma mtengo uwu anati wina asaukhudze. Anadula mtengo wakale wa mapichesi umene malume awo, malemu a Zefaniya, anabzala pabwalopo, poti unali utasiya kale kubala, n'kuyamba kukumba pomwepo. Anakumba mpaka dzenje linawalekeza m'chiuno.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kumakhala mlamu wawo, mchimwene wa Nagama, a Ginasiyo Kaphamtengo, mlimi wa kachewere ndi kabichi. Awiriwa ankasewera bawo pafupifupi madzulo alionse, akunyozana monga amachitira alamu. Tsiku limenelo a Kaphamtengo anasuzumira pamwamba pa mpanda.

"Alamu, mukufuna mtengo kapena chitsime?"

"Uwu si kabichi, alamu. Ndi mtengo wakunja."

"Ngakhale ukhale wakumwamba. Mukaukwirira mozama chonchi, sudzaona dzinja lina."

"Pitani mukathirire kabichi wanu."

A Kaphamtengo anaseka n'kumapita, ndipo a Chimphonda anamaliza ntchitoyo okha, popanda diso la munthu. Anaukwirira bwinobwino, n'kuunjikira dothi patsinde ngati mtumbira wa mbatata. Anazika chikhomo pambali n'kuumangirira ndi waya, kumanga kwa munthu amene anazolowera kumanga katundu pamwamba pa basi.

Kenako chisamaliro chinayamba. Ankauthirira m'mawa, masana ndi madzulo. Mvula ya mu Januwale ikugwa, anthu opita kutchalitchi ankawaona ataima pabwalo, dzanja lina ambulera, lina keni yothirira. Nagama akati, "Bambo a Yankho, kodi mvulayi sikukwanira?" iwo ankayankha kuti madzi a mvula ndi a mitengo yonse, koma awa ndi a mtengo uwu wokha. Feteleza amene Nagama anasungira kachewere anayamba kutsika m'thumba mosadziwika bwino.

Poyamba mtengowo unkaoneka wokondwa. Koma mvula ikupita kumapeto, masamba anayamba kupsa m'mphepete ngati awaula pamoto. A Chimphonda anaunguza, n'kugwedeza mutu monga munthu amene wamva phokoso lachilendo mu injini.

"Ukutentha," anatero. "Injini ikatentha umaonjezera madzi."

Anaonjezera. Masamba anasanduka achikasu n'kuyamba kugwa. Anaonjezera feteleza. Nthambi ya pamwamba penipeni inauma kuyambira kunsonga, ndipo atayesa kuipinda inangoti thyo. Inatsatira ina, kenako inanso, kuuma kukutsika kuchokera kumwamba.

Alangizi sanasowe, poti nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu. Wina anati ndi chiswe. Wina anati ndi mphepo ya ku Bembeke, imene imagwetsa ngakhale munthu. Mayi wina wogulitsa tomato anaima nthawi yaitali dengu lili pamutu, n'kunena kuti mtengowo wapukwa kwawo. A Chimphonda anaupopera mankhwala a tomato, kenako a kabichi, kenako ena amene wogulitsa pamsika anati amapha chilichonse. Masamba ankagwabe.

M'mawa uliwonse ankadzuka Nagama asanatuluke, n'kutola masamba ogwawo kuwabisa m'thumba la jekete. Yankho akapempha chithunzi pafoni, ankajambula nthambi imodzi yokha ya m'munsi imene inali ikadali ndi masamba, atagona chammbali pansi kuti zouma zisaoneke. Yankho ankayankha kuti, "Ukukongola, ababa," ndipo iwo mtima unkawawa. Akamva kuti mwanayo miyendo yatupa kapena msana ukumupweteka, ankatuluka kukayang'ana nthambi.

Ndiye m'mawa wina anapeza phulusa. Linali litawazidwa mozungulira tsinde, bwinobwino, ngati mkombero wojambula. Pamame panali mapazi a jombo, ndipo jombo ya kumanzere inali ndi chigamba kuchidendene. Mapaziwo anachokera kumpanda n'kubwereranso kumpanda. Jombo ya chigamba imeneyo a Chimphonda ankaidziwa ngati yawo.

"Nagama, tabwerani muone ntchito za achimwene anu."

Nagama anatuluka akupukuta manja pachitenje. "Phulusa."

"Phulusa lozungulira. Lobwera anthu ali m'tulo. Ndipo musaiwale mawu aja: sudzaona dzinja lina. Anawanena ndi pakamwa pawo, ine ndikumva."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Ine sindikuti kanthu. Dzina lawo likunena lokha. Kaphamtengo. Makolo satcha dzina pachabe."

Nagama anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Inenso ndine mwana wa a Kaphamtengo. Mwakhala nane zaka zonsezi. Mwauma nthambi iti?"

Bawo inatha tsiku lomwelo. A Kaphamtengo akapereka moni pampanda, a Chimphonda ankayankhira kumbali ngati akulavula. Usiku ankangotembenuka pabedi, kenako n'kudzuka kukasuzumira pazenera. Galu akauwa, ali pazenera. Tsamba likakwawa pabwalo, ali pazenera. Maso anafiira, masaya analowa. Mwezi wa Yankho unali ukuyandikira, ndipo pamtengo panatsala masamba ochepa kwambiri.

Lachisanu lina m'mawa, akumwa tiyi, ananena zimene anaganiza.

"Mawa ndikuoloka malire. Kuli sing'anga tsidyalo amene amaonetsa nkhope ya munthu m'madzi. Ndikabwerako ndiitana abale onse, anu ndi anga, ndipo dzina ndilitchula pagulu."

Nagama anaika kapu pansi mwakachetechete. "Bambo a Yankho, mvetserani. Mwana wa mayi anga uja, tsiku limene mumutchule kuti ndi mfiti, ine ndikagona kwa mfitiyo. Sindifuna ndi galimoto yomwe, mpanda ndi womwewu. Ndipo Yankho mudzamuuza nokha chifukwa chake."

Analowa kuchipinda, ndipo a Chimphonda anamva sutikesi ikutsitsidwa pamwamba pa kabati. Iwo anatenga mpando wawo wa ndalema, anafunda bulangete, n'kukakhala pafupi ndi mtengo, maso kumpanda. Anati lero palibe adutse.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo. Chakumasana nkhungu inatsika kuchokera kuphiri, inameza msewu, inameza mpanda, kenako nyumba. Phokoso la njinga zamoto linazilala ngati wina watseka chitseko. A Chimphonda anaphethira kamodzi, kawiri, mutu n'kugwera pachifuwa.

Choyamba kufika linali fungo. Utuchi wa paini wongochekedwa kumene, wosakanikirana ndi fodya wamphuno. Anali asanalimve fungo limenelo chimwalirire malume awo, amene anawalera iwo pamene bambo awo anatsikira kuli chete, munthu wocheka matabwa m'phiri la Dedza amene mawu ake a tsiku lonse sankadzaza chikhatho. Kutali kunkamveka sowo ikupita ndi kubwera, pang'onopang'ono, ngati munthu wopuma ali m'tulo. Kenako inasiya.

Mu nkhungumo munatuluka a Zefaniya. Anali opanda nsapato monga kale, buluku atamanga ndi luzi, khasu paphewa, ndipo dzanja logwira khasulo linali lija lopanda chala chimodzi. Mapazi awo sankasiya chizindikiro pamame. Kunkazizira koopsa, koma pakamwa pawo sipankatuluka nthunzi.

"Lameki."

"Wawa, malume."

"Imirira."

A Chimphonda, munthu wa imvi, anaimirira msanga ngati kamwana kamene akapeza kakuba shuga. Pamene panali mtengo panali dzenje lokha, lakuda, lonyowa. Malume anatulutsa chubu chakuda cha pulasitiki, chonga chobzalamo mbande koma chachikulu, n'kuchitambasula pansi.

"Miyendo yonse iwiri."

Analowetsa. Pulasitikiyo inawagwira akakolo mpaka zala za kumapazi zinapindikira mkati. Sanadziwe kuti alowa bwanji m'dzenje, anangoona kuti alimo, ndipo malume akukokera dothi ndi khasu, mosafulumira. Dothi linafika m'mawondo, m'chiuno, m'chifuwa. Linali lozizira ndi lolemera. Litafika pachibwano malume anaponda ndi chidendene mozungulira, n'kuonjezera kamulu kena pakhosi. Anazika chikhomo. Anatenga waya n'kumukulunga pamphumi, kupotokola mpaka anamva akulowa m'khungu.

Kenako anabwera ndi keni yothirira.

Madziwo anali ozizira ngati a mumtsinje wa m'phiri. Analowa m'makutu, m'khosi, n'kutsikira m'chubu muja momwe analibe potulukira. Keni itatha, malume anatenga ina. Itatha, ina. Anapisa dzanja m'thumba n'kuwaza feteleza mozungulira khosi, ndipo ankaotcha ngati tsabola pachilonda. A Chimphonda anaona tsitsi lawo lochepa lija likugwa limodzilimodzi n'kumayandama pamadzi. Makutu anayamba kuuma kuchokera kunsonga.

"Malume, ndikufa."

"Wakulodza ndani?"

"Palibe, malume. Ndinu."

"Ine ndikukusamala." Anatenga keni ina.

"Malume, chonde. Mapazi sakupuma."

A Zefaniya anaika keniyo pansi. Ananjuta patsogolo pawo, nkhope ndi nkhope, ndipo maso awo anali odekha ngati madzi a m'chitsime chakale. Kunali zii, moti a Chimphonda ankamva dontho lililonse likugwa kuchokera pamphuno pawo.

"Unadula mapichesi anga. Sindinabwere. Mtengo wokalamba umadulidwa. Koma chala chimene ukufuna kuloza mlamu wako ndicho chandidzutsa. Kwathu sitiloza munthu tisanakumbe. Chala chikaloza sichibwereranso m'thumba."

A Chimphonda anameza mate osakanikirana ndi matope. Funso limene anali asanafunsepo munthu linatuluka lokha, ndi mawu aang'ono. "Nanga mwana wa Yankho, malume? Mtengowu ukauma..."

"Mwana ali mwa amake. Sali mumtengo."

Anaimirira n'kubweza khasu paphewa.

"Kanda khungwa. Kumba pansi. Khasu ukabwereke kwa mlamu wako."

"Khasu ndili nalo, malume."

"Ndati ukabwereke."

Anatembenuka, ndipo nkhungu inawalandira. Sowo ija inayambanso kutali, kupita ndi kubwera, mpaka inazilala.

A Chimphonda anadzidzimuka akupuma ngati athamanga. Mvula yamawawa inali ikuwagwa kumaso, bulangete litawakulunga m'khosi, miyendo itachita dzanzi. Choyamba anagwira pamutu. Tsitsi linalipo, lochepa monga mwa masiku onse. Anagwira makutu. Analinso ofewa. Nagama anali ataima pakhonde atapinda manja.

"Mlonda wagona," anatero Nagama. "Mumalira ngati mbuzi yomangidwa."

A Chimphonda anapukuta madzi kumaso. Anadzuka motsimphina kupita pamtengo. Anakanda ndi chikhadabo nthambi ya pamwamba: mkati munali mofiirira, mouma ngati nkhuni. Anakanda m'munsi pang'ono, chimodzimodzi. Anatsika, akukanda, mpaka cha pakati pa thunthu chikhadabo chinatsegula kachiwisi kobiriwira, konyowa. Anakayang'ana nthawi yaitali. Pamwamba pake pomwepo ndi pamene panali waya uja, atalowa m'khungwa mozungulira moti khungwalo linatupa mbali zonse ziwiri.

Anavula chipewa, anachivalanso, n'kuyamba kulunjika kumpanda.

"Mukupita kuti?" anafunsa Nagama, mawu atauma.

"Kukabwereka khasu."

"Makasu ali m'khitchinimu atatu."

"Ndikudziwa."

A Kaphamtengo anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, jombo ya chigamba ili kuphazi. Anadzutsa mutu n'kuwayang'ana alamu awo, onyowa, bulangete likukwekwereka.

"Odi, alamu."

"Lowani, alamu. Ndimayesa njira yakuno inamera udzu."

"Ndabwera kudzabwereka khasu."

"Anu aja atani?"

"Alipo."

A Kaphamtengo anadikira kuti mwina pabwera mawu ena. Sanabwere. Anadzuka n'kukatenga khasu, koma sanalipereke.

"Ndamva kuti mawa mukukandiona m'madzi tsidyalo. Mukadandiuza, ndikadabwera ndekha ndi beseni, mukanandionera konkuno."

A Chimphonda anayang'ana pansi. "Phulusa lija, alamu."

"Lija ndinathira ine. Anthu ankati chiswe, ndiye ndinati mwina lithandiza. Mtengo wa mwana wa mlongo wanga ndingauonerere ukufa?"

"Nanga bwanji munabwera anthu ali m'tulo?"

"Masana mukanandilola? Munthu amene munandiuza kuti ndizikathirira kabichi?"

A Kaphamtengo anaika khasu paphewa lawo lomwe n'kutsogola.

Anayamba ndi waya, kumudula ndi pulayala. Kenako a Kaphamtengo anagumula kamulu ka patsinde n'kuyamba kukumba chapatali, mozungulira, kuti asateme mizu. Sanakumbe kwambiri, khasu linayamba kutuluka ndi matope. Fungo linakwera, lowawasa, ngati la m'dambo momwe mwafera chule. Nagama, amene anali atayandikira, anatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Mvula inasiya kalekale," anatero a Kaphamtengo, "koma kuno tikhoza kubzala mpunga."

Thunthu limene linali m'dothi linali lakuda, khungwa lake lofewa ngati nthochi yovunda. Anakumbabe, thunthu likungopitirira kutsika.

"Mizu ili kuti, alamu? Kapena inatsala ku Canada?"

"Kumbani," anatero a Chimphonda ndi mawu ofooka, poti iwo ankadziwa chimene chili pansipo.

Khasu linakhudza chinthu chimene chinalira mosiyana ndi dothi. A Kaphamtengo anasiya khasu, anagwada, n'kufukula ndi manja. Chinatulukira chakuda, chonyezimira, chathunthu ngati tsiku limene chinachoka ku nazale. Awiriwo anagwirizana kunyamula mtengo wonse n'kuugoneka paudzu. Madzi ankachucha kuchokera m'chubumo.

Nagama ankayang'ana amuna awo. A Kaphamtengo ankayang'ana chubu. A Chimphonda ankayang'ana kuphiri.

"Alamu," anatero a Kaphamtengo mofatsa kwambiri, "mfiti ija ndi imeneyi?"

"Ndinkati dothi la mkatimo ndi lakwawo, lisasakanikirane ndi lathu." Anakhosomola. "Komanso tayala sachotsa chubu."

Nagama anatembenuka msanga n'kuyang'ana kukhitchini, mapewa akugwedezeka. A Kaphamtengo analuma mlomo mpaka ndevu zinanjenjemera, koma anapirira. Anatulutsa mpeni n'kung'amba pulasitikiyo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mizu inali itazungulirazungulira mkatimo ngati ulusi wopota, ikudzimanga yokha. Yambiri inali yakuda, yoterera, yoduka ndi chala. Koma chapakati panali ina yoyera, yolimba.

"Iyi ndi yamoyo," anatero. "Ukhoza kupulumuka, ukhoza osapulumuka. Sindilonjeza."

A Chimphonda anavula chipewa. Nthawi ino sanachivalenso. Anagwada pamatope pomwepo, bondo limodzi kenako linalo, munthu amene mawondo ake sankagwada ndi m'tchalitchi momwe.

"Alamu, ndinakuganizirani choipa. Ndinatsala pang'ono kuchinena pagulu. Mwandithandiza pamene ine ndinkakunolerani mpeni. Ndikhululukireni."

A Kaphamtengo sanaseke. Anapukuta manja pabuluku pang'onopang'ono.

"Zinandiwawa, alamu, ndisaname. Mawu amenewo akagwera munthu wa msinkhu wanga, adzukulu amasiya kudya kwa agogo awo. Maliro akagwa m'mudzi anthu amakuyang'anira m'mbali." Anapuma. "Koma sanatuluke pampanda. Dzukani, mungamere."

Anawagwira dzanja n'kuwadzutsa.

"Chakubwezani n'chiyani?" anafunsa Nagama. "M'mawa uja munali mutatsala pang'ono kuoloka."

"Malume anabwera."

"A Zefaniya? Anati chiyani?"

"Sananene zambiri. Anandibzala."

Nagama ndi mchimwene wake anayang'anana, koma onse ankawakumbukira a Zefaniya, ndipo palibe anafunsanso.

Dzenje lakalelo analisiya kuti liume. Anasankha malo ena chapamtunda pang'ono, n'kukumba lina losazama koma lotambalala. Anadula mizu yovunda, yotsalayo n'kuimasula ndi zala kuti iyang'ane kunja. Anauimika mtengowo kuti pamene mizu imayambira pakhale pofanana ndi nthaka, osati pansi pake. Nthambi zouma anazidula mpaka pofika pachiwisi. Nagama anabweretsa udzu wouma n'kuuyala mozungulira, kusiya mpata patsinde. Atamaliza, mtengowo unkaoneka ngati ndodo imene wina waiiwala pabwalo.

"Feteleza ayi," anatero a Kaphamtengo. "Mankhwala ayi. Madzi, muziyamba mwapisa chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, bwererani m'nyumba."

"Nanga chikatuluka chonyowa pang'ono chabe?"

"Bwererani m'nyumba."

Lamulungu masana Yankho anaimba foni ya kanema. Onse atatu anali pakhonde. Nkhope yake inadzaza pagalasi, yonenepa, yotopa, koma ikuseka. Anati kuchipatala amuuza kuti zonse zili bwino, kwangotsala kudikira. A Chimphonda anausa moyo, kenako analimba mtima. Anadzuka, anapita pabwalo, n'kuloza foni kumtengo ataimirira, wonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anamufotokozera za dzenje, za madzi, za waya ndi za chubu. Za sing'anga anadumpha, koma Nagama anakuwira pakhonde n'kuzibwezeramo.

Yankho anaseka mpaka anagwira pamimba n'kupempha kuti asiye.

"Ababa, nthambi zija ndiye munapha ndinu, sindikukanirani. Koma masambawo ndalakwa ndine, ndinaiwala kukuuzani. Mtengo umenewo ukamva kuzizira umagwetsa masamba onse, ngakhale uli bwinobwino. Umakhala mbulanda mpaka kutenthe. Chaka chilichonse."

"Chaka chilichonse," anabwereza a Chimphonda.

"Chilichonse, ababa."

Foni itaduka anabwerera pakhonde n'kukhala pansi. Nkhungu inali itayamba kutsikanso kuphiri, ndipo kamtengo kaja kanaima pakati pa udzu wake, kopanda waya, kopanda tsamba, popanda wokakhudza. A Kaphamtengo anakayang'ana nthawi yaitali, akusisita chibwano.

"Ndiye kuti, alamu, chaka chamawa Juni akamayandikira, ine ndisamukiretu?"

A Chimphonda anaganiza kaye.

"Musasamuke," anatero. "Mukasamuka ndidzanamizira ndani?"